Palibe Anamutuma

Cholembera chinali kale m'dzanja la Dyton pamene Felistus anatuluka m'nyumba ndi beseni la makapu. Amuna a pamaliro anali atakhala pamipando imene inatulutsidwa panja dzulo lake, pansi pa tenti yobwereka ku mpingo. Pakati pawo panali mlendo wa shati yoyera, atagwada bondo limodzi, akusalaza pepala pamwamba pa mgolo.

"Apa chabe, ba Njobvu," anatero mlendoyo, chala chili m'munsi mwa pepalalo. "Mukasaina, motoka ibwela mailo kuseni."

"Mawa m'mawa ndithu?" anafunsa Dyton.

"Na bokosi, na masaka ya unga. Ba bwana bakamba kale."

Felistus anatula beseni. "Atate aakulu, pepala la chiyani limenelo?"

Dyton, mkulu wawo wa bambo ake, sanatembenuke. Anali mlonda wa pasitolo ina m'tauni, munthu wosazolowera cholembera, ndipo anachigwira ngati wagwira msomali. "Ndi za akuluakulu izi. Pita kwa amayi ako."

"Mwaliwerenga?"

"Andiuza zimene zilimo."

"Wakuuzani ndani? Iwo omwewa?"

Mlendoyo anamwetulira pang'ono. Anali Chisala, kapitawo wa kampani ya a Kasoma, yemweyo amene anabwera Lachiwiri madzulo kudzanena kuti Nason Njobvu, bambo ake a Felistus, ali ku mochale.

Tsiku limenelo Nason anachoka ku Kalingalinga wapansi monga mwa masiku onse, kupita ku Kabulonga kumene ankawotcherera geti panyumba ina yaikulu. Panyumba pomwepo panali anthu a Kasoma, amene anaitanidwa kudzachotsa zonyansa m'dzenje la simenti limene zimbudzi za nyumbayo zimathiramo. Galimoto yawo yopopera inali itafa kalekale. Chitsulo chimene chinathyoka sichinkapezeka m'dziko monse, monganso sopo ndi mafuta ophikira m'chaka chimenecho cha 1990. Choncho ntchito inkagwiridwa ndi ndowa. Chisala anatsegula chivundikiro, n'kuuza wantchito wina, Kapembwa, kuti atsike pamakwerero nthawi yomweyo. Ndowa zinatuluka zitatu. Yachinayi sinabwere. Anthu atayamba kukuwa, Nason anathamanga kuchokera kugeti ndi chingwe chimene ankamangira zitsulo zake. Anatsika, namanga Kapembwa m'khwapa, anthu n'kukoka. Kapembwa anatuluka ali chikomokere koma akupuma. Ataponyanso chingwecho m'dzenje, panalibe amene anachigwira.

Felistus anatambasula dzanja. Dyton anazengereza, kenaka analola kuti pepalalo lichoke pamgolo. Linali la Chingerezi, lotayipidwa bwino. Mtsikanayo anaphunzira kutayipa, ndipo maso ake anayenda msanga. Atafika kumapeto anabwerera pamwamba, n'kuyamba kumasulira mokweza kuti aliyense amve.

"Akuti bambo analowa m'dzenje mwa kufuna kwawo. Akuti ankadziwa kuti muli mpweya wakupha. Akuti anawaletsa koma sanamve. Akuti sanali wantchito wa a Kasoma, palibe anawatuma. Ndipo ife abale tikuvomera kuti imfa yawo anaiputa okha, sitidzapita kukhoti lililonse."

Munthu wina anatsokomola kumbuyo.

"Ni Chizungu chabe cha mu ofesi," anatero Chisala, akuimirira n'kusansa bondo. "Manje ni boza? Ine nenze pamene paja. Ninakuwa, nati ba mudala osangena! Banangena. Nikufunseni imwe bonse, nindani anabatuma?"



"Felistus," anatero Dyton motsitsa mawu, "lero ndi tsiku lachitatu m'bale wanga ali mufiriji. Agogo ako ku Katete atumiza mawu, akuti mwana wanga abwere ndimuike ndekha. Ukudziwa mtengo wa lole ya ku Katete masiku ano? Ngakhale titagulitsa makina a bambo ako owotcherera, sitingawoloke ndi Luangwa yemwe. Anthu awa abwera ndi thandizo."

"Thandizo silifuna kusainira, atate aakulu."

"Ukundiphunzitsa pamaso pa anthu?"

Felistus anagwada, monga mwana ayenera kuchitira. Koma pepala sanabweze. "Ndikupempha mpaka madzulo basi."

Chisala anayang'ana wotchi yake. "Zuba ikapendeka nibwela. Koma muzibe kuti ba bwana sibakonda kunyengelela bantu kuti balandile chifundo."

M'nyumba munali mopanda kanthu, mipando yonse ili panja. Amayi anakhala motsamira makoma, miyendo atatambasula. Pakona, pamatiresi, panali Mainess, mkazi wa malemu, atafunda chitenje kumutu. Chifikire uthenga uja sanalire mokweza ngakhale kamodzi, ndipo amayi a mumpingo anali atayamba kuyang'anana.

Felistus anakhala pafupi, n'kumunong'oneza zonse. Mainess anamvetsera osagwedezeka. Kenaka anayankhula, osati monong'ona.

"Nanga pepalalo lanama pati?"

"Amayi!"

"Anamutuma ndani? Ine ndinamutsanzika akupita kukawotcherera geti. Ana anayi m'nyumba muno, ufa wa makuponi a boma, iwe ntchito inatha. Iye n'kumva anthu akukuwa, munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe ali m'chimbudzi cha anthu olemera, basi liwiro. Pamakwerero paja anandikumbukira ine? Anakumbukira wamng'ono uja amene sanayambe ndi sukulu yomwe?"

"Amake Felistus, musatero," anatero mayi wina wachikulire, akumugwira phewa. "Maliro akadali panja."

Mainess anachotsa dzanjalo. "Anasankha. Musandiuze kuti ndi Mulungu. Anasankha yekha."

"Ndiye tisaine, amayi?" anafunsa Felistus.

Mainess anatembenukira kukhoma.

Felistus anapinda pepala lija, n'kulilowetsa m'bulauzi, natulukira khomo lakumbuyo. Anayenda wapansi mpaka m'tauni. Dzuwa la Okutobala linali litakwera, ndipo maluwa a jakaranda amene anagwera m'mbali mwa msewu ankamata kumapazi. Pasitolo ina ya boma anapeza mzere wa anthu odikira ufa utazungulira nyumba yonse, ena atakhala pamiyala, ena atasiya madengu kuti awasungire malo.

Ofesi ya Mayi Maud Sakala inali pamwamba pa sitolo ya nsalu. Mayiyu anali loya, ndipo Felistus anamutayipira makalata kwa chaka chimodzi, mpaka pamene ntchito zinachepa n'kutsala kalaliki mmodzi yekha. Atamuona pakhomo ndi mpango wakuda kumutu, anamulowetsa osafunsa zambiri, n'kumupatsa madzi. Pepala lija analiwerenga kawiri.

"Wina wasainapo kale pena pake?"

"Ayi."

"Zikomo Mulungu." Anavula magalasi. "Tamvera, Felistus. Lamulo limene akubisalamo anthuwa lilipodi. Limati munthu akalowa yekha m'ngozi, akuidziwa ndi kuivomera, asadzalire kuti ndapwetekedwa. Womenya nkhonya akalowa m'bwalo, sangakasumire mnzake chifukwa cha mphuno yothyoka. Iwowa akufuna bambo ako akhale ngati womenya nkhonya uja."

"Koma analowadi okha."

"Analowa chifukwa chiyani? Ankafuna kusamba?"

Felistus anapukusa mutu.

"Munali munthu akufa. Amene anaika munthuyo m'menemo mosasamala ayenera kudziwa kuti zikavuta, wina adzathamangirako. Anthu ndi mmene tilili. Ndiye khoti silinena kuti wopulumutsa mnzake anavomera kufa. Limanena kuti ngozi imene iwe unaipanga ndi imene inamuitana. Mlandu umabwerera kwa amene anapanga ngoziyo."

"Ngakhale anawaletsa? Kapitawo akuti anakuwa kuti asalowe."

"Akuwe mmene angathere. Kukuwa sikutulutsa munthu m'dzenje. Kaya bambo ako analumpha osaganiza, kaya anaima kaye n'kuganiza, zonse n'chimodzimodzi. Zikanavuta akanachita zamisala zenizeni, zopanda chiyembekezo chilichonse. Koma iwo anatenga chingwe, ndipo munthu anatuluka wamoyo." Anagogoda pepalalo ndi chala. "A Kasoma ali ndi wina wowalangiza amene akudziwa zimenezi. N'chifukwa chake akuthamangira kuti musaine maliro asanaikidwe. Chitseko chimene lamulo lakutsegulirani akufuna muchitseke nokha."

Felistus anasendera pafupi. "Ndiye tikhoza kupambana?"

"Sindikunamiza. Mlandu umatenga zaka, ndipo kwacha ikusungunuka ngati mchere m'madzi. Chinanso, tiyenera kusonyeza kuti iwo analakwa poyamba. Anatsegula dzenje nthawi yanji? Analisiya lipume? Munthu anamutsitsa ali ndi chingwe m'chiuno? Amene angatiuze ndi uja anatulutsidwayo. Popanda iye, tili ndi mawu a kapitawo okha."

Mayi Maud anamuperekeza mpaka pansi, n'kumukweza minibasi ya ku Mtendere, kumene Kapembwa ankakhala.

Nyumba ya Kapembwa anaipeza pofunsa kwa amayi otunga madzi pampopi. Chinali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Pakhomo panali mayi wamng'ono thupi, mwana kumsana, akupeta nyemba zochepa m'lichero. Anali Exildah, mkazi wake. Atamva dzina la Njobvu, manja ake anaima.

"Balibe mphamvu yokamba," anatero msanga. "Banachoka mu chipatala zulo chabe."

"Balekeni bangene," anatero mawu osasa m'katimo.

Kapembwa anali atagona pamphasa, wopanda malaya. Anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, maso ofiira, ndipo m'khwapa monse munali mzere wa chilonda pamene chingwe chinadya khungu. Felistus anaona mzerewo, n'kuyang'ana kumbali. Anafotokoza chimene anabwerera, mawu akuthamanga kuposa mmene ankafunira.

"Ba Chisala banabwela kuno," anatero Kapembwa atatsokomola nthawi yaitali. "Bati nikambe kuti bananipasa ntambo, ine naikana. Bati nikakamba so na kusaina pepala yao, nchito yanga ilipo."

"Anakupatsani chingwecho?"

Kapembwa anayang'ana kudenga.

"Sisi, imwe muli na maliro, tamvela chifundo," analowerera Exildah ali pakhomo. "Koma onani bana aba. Nchito ikasila tizadya chani? Muziba bantu bangati bamene baimilila pa geti ya ba Kasoma kuseni, kupempha nchito yamene iyi ya vimbuzi? Ba tate banu banapulumusa muntu. Manje mufuna muntu wamene uyo afe na njala?"

"Ndikungofuna anene zimene zinachitika."

"Siniziba, sisi," anatero Kapembwa, mawu ali pansi. "Mutu wanga siuli bwino. Vambili sinikumbuka."

Felistus anadikira. Panja nkhuku inkapalasa pafupi ndi lichero, ndipo palibe anaiingitsa. Ataona kuti palibenso mawu ena, anaimirira.

"Dzina lawo anali a Nason," anatero. "Sindikudziwa ngati anakuuzani."

Anafika ku Kalingalinga dzuwa litapendeka, ndipo ali patali anaona kuti Chisala wamutsogolera. Pamsewu, kutsogolo kwa tenti, panaima galimoto yapikapu. Kumbuyo kwake kunali bokosi lamaliro lopakidwa vanishi, la zogwirira zonyezimira, ndipo ana a m'mudzimo anali ataunjikana kuliyang'ana. Ngakhale akalipentala a m'Kalingalinga, amene amadziwa thabwa, ankalisuzumira mwaulemu.

Dyton anamukokera pambali. "Wabwera ndi chiyani?"

Felistus anamuuza zonse, osabisa. Anamuuza za lamulo, za zaka zimene mlandu ungatenge, ndiponso kuti Kapembwa wakana.

"Ndiye iwe wabwera ndi mawu," anatero Dyton. "Iwo abwera ndi bokosi. Mawu ako ndimuikamo m'bale wanga?" Anayang'ana bokosi lija. "Ine ndi amene ndinabwera naye ku Lusaka kuno, ali mnyamata. Ndinauza amayi kuti ndidzamusamala. Bweretsa pepalalo."

Felistus analitulutsa. Linali litanyowa ndi thukuta m'mphepete. Dyton analiyala pamgolo, Chisala n'kumupatsanso cholembera.

"Mwachita bwino, ba Njobvu," anatero kapitawoyo, atamasuka tsopano, akuyankhula kuti tenti yonse imve. "Ise tonse tili na chisoni. Ba mudala benze bantu babwino. Koma tikambe zoona, muntu wa nzelu sangangene mu mugodi wa so. Ni kuzipaya weka. Manje ba bwana bazalipila bwanji kupusa kwa muntu wina?"

M'nyumba nyimbo imene amayi ankaimba inaduka pakati. Panamveka mawu oletsa, kenaka nsalu ya pakhomo inakankhidwa. Mainess anatuluka, wopanda nsapato, chitenje chitagwera m'mapewa. Mkazi wamasiye satuluka pamaliro kukaima pakati pa amuna, ndipo ena anaweramitsa mitu. Iye anayenda mpaka pamgolo.

"Mwati chiyani?"

"Ba mayo, pepani, sininali kukamba na imwe."

"Mwati munthu wanzeru sakanalowa. Ndamva. Munthu wanzeru anali pamwamba, atavala shati yoyera, akukuwa." Anamuyang'ana kuyambira kukolala mpaka kulamba. "Wantchito anali wanu. Munamutsitsa ndinu. Bwanji simunatsike kukamutenga?"

Chisala anatsegula pakamwa, koma Mainess sanamudikire.

"Mwamuna wanga ndamukwiyira. Amayi ali m'nyumbamu andimva. Mwina ndidzafa ndisanamukhululukire. Koma womukwiyira ndine, amene ndinakhala naye zaka makumi awiri ndi zitatu. Inu simudzalemba papepala kuti anali chitsiru, ife n'kusainira pansi pake kuti tilandire bokosi."

"Mlamu," anatero Dyton, mawu akuthyoka, "nanga amayi ku Katete? Ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze zimene zalembedwa apazi, alamu. Mukawawerengere bwinobwino. Akavomera kuti mwana wawo anadzipha ndi kupusa, bwerani mudzasaine."

"Ba Njobvu, imwe ndimwe bakulu pa banja," anatero Chisala mofulumira. "Siginecha yanu yeka ikwana. Osamvela vokamba va chisoni."

Dyton anayang'ana pepala, n'kuyang'ana bokosi lili pagalimoto. Anakhala choncho nthawi yaitali, moti mwana wina analira kuseri kwa nyumba n'kutonthozedwa iye akadali chiweramire. Kenaka anatseka cholembera ndi chivundikiro chake, mosamala, n'kuchipereka kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Pitani nalo," anatero.

"Muzaniitana mweka," anatero Chisala akupinda pepala. "Koma ba bwana sibapasa kabili."

Galimoto inatembenuka movutikira m'kanjira kopanikiza, bokosi likugwedezeka kumbuyo, ana akuithamangira. Fumbi litatsika, Dyton anakhala pansi penipeni, osati pampando, n'kuphimba nkhope ndi chipewa chake cha ulonda.

Amene anayamba kusuntha anali Petros, kalipentala wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankagawana magetsi ndi Nason pa waya umodzi. Anatulutsa tepi m'thumba, n'kuima patsogolo pa Dyton.

"Akulu, taimirirani pang'ono. Msinkhu wanu ndi wa malemu unali umodzi, eti?"

Dyton anaimirira ngati mwana, manja m'mbali, misozi ikutsika, Petros n'kumuyeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi ndiponso m'mapewa. Dzuwa lisanalowe, macheka anali atayamba kulira kuseri kwa nyumba. Matabwa anachokera m'mashedi anayi osiyana, ena a paini, ena a kabati imene mwini wake analephera kudzaitenga.

Nason anamuika Lachisanu kumanda a ku Chingwere, m'bokosi la mitundu iwiri, atanyamulidwa pa lole ya mchenga ya munthu wa mumpingo. Mayi ake a Nason sanaone manda a mwana wawo. Loweruka m'mawa Dyton anakwera basi ya ku Katete kukawauza yekha. Potsanzika anagwira Felistus dzanja, koma kwa Mainess anangoti, "Tsalani, mlamu," maso ali pansi.

Lolemba tenti inali itabwezedwa ku mpingo, mipando italowa m'nyumba. Felistus ankasesa phulusa la moto wa pamaliro pamene anaona munthu ataima pampanda wa maluwa, atanyamula jumbo yakuda. Anali Kapembwa, atavala malaya otayirira kuti asakhudze zilonda. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Mtendere, ndipo ankapuma ngati wakwera phiri.

"Odi," anatero. "Ba mayo balipo?"

Mainess anatuluka n'kukhala pakhonde. Sanafunse kuti mlendoyo ndani. Anaona mmene ankanyamulira mikono yake kutali ndi thupi, n'kudziwa. Kapembwa anakana mpando. Ananjuta pansi, patali pang'ono.

"Ku manda ninabwela," anayamba. "Ninaimilila kumbuyo. Ninachita mantha kufika pafupi."

Anaika jumbo ija pansi, n'kupitiriza.

"Ntambo sibananipase. Chivundikilo banasegula, pamene apo bati ngena, tili na nyumba zina zibili lelo. Ninabauza kuti fungo yakalipa maningi, tiyembekeze. Bati ngati siufuna nchito, kamba." Anayang'ana Felistus. "Nakumbuka vonse. Ninanama chabe, sisi."

"Nanga ntchito?" anafunsa Felistus.

"Ninapita kuseni kubauza kuti pepala yao sinisaina. Nchito yasila." Anayesa kuseka, koma chinatuluka ndi chifuwa. "Mukazi wanga sakamba na ine. Azakamba. Munipeleke kuli ba loya banu, nikambe vamene ninaona."

Felistus anatsamira tsache kukhoma. Anayang'ana amayi ake. Nkhope ya Mainess inali youma monga inalili sabata yonse.

"Mwabwera kudzatiuza zimenezo," anatero Mainess. "Tamva. Muli ndi ana, bambo. Mukanatha kukhala chete, sindikanakutsatani."

"Niziba, ba mayo. Koma pali na ivi."

Anakankhira jumbo ija patsogolo, n'kuimasula. Munali nsapato zachikopa zakuda, zakale, zidendene zitasokedwa ndi mphira wa tayala. Pamwamba pake panali timabowo tating'ono tambirimbiri, pamene nthethe za moto wowotcherera zinkagwera.

"Pamene bananinyamula kupita ku chipatala, bantu banaziponya mu motoka. Benze baganiza ni zanga, chifukwa zenze pambali pa mugodi, pamene ba mulonda banazisiya pokoka ntambo. Ine nilibe nsapato, nimasebenza na mapatapata. Ninafunsa ba mulonda ba pa nyumba ija. Bati ba Nason pamene banafika na ntambo, banavula, babapasa mu manja. Bati, nisungileni izi, nilibe zina."

Mainess sanazigwire msanga. Anaziyang'ana zili pakati pa iye ndi mlendoyo. Zingwe zake zinali zomasulidwa bwino, osati zokokedwa mothamanga, ndipo nsonga zake zinali zitalowetsedwa m'kati kuti zisakhudze pansi. Anatenga ya kumanzere, n'kupisamo dzanja. Anatulutsa sokosi, yopindidwa kawiri, monga mmene Nason ankachitira madzulo aliwonse akafika pakhomo. Mu inzake munalinso chimodzimodzi.

"Ankati abwerako," anatero Mainess, osauza munthu aliyense.

Anaika nsapatozo pamiyendo pake. Anakoka nsonga ya chitenje chake, n'kuinyowetsa pang'ono ndi malovu, nayamba kupukuta fumbi, kuyambira kutsogolo kwa chala, pang'onopang'ono, mpaka kuchidendene.